Shelefu ya Pansi ya Mayi Sitikudziwa

A bwana mkulu, aprofesa ndi madokotala, bambo a kunyumba kwa mayi athuwa, ana ndi zidzukulu, anzanga a m'labotale, ndi inu amene mwangotsatira fungo la chakudya, ndakuonani nonse, takulandirani.

Ine ndine uja wosamala mafiriji. Sukulu yanga inathera ku sekondale, choncho musaope, sindilankhula nthawi yaitali. Ochedwetsa chakudya ndi anthu ophunzira.

Mayi amene tikutsanzikana nawo lerowa pamene akupuma pa ntchito, kuno timawatchula kuti Mayi Sitikudziwa. Ana inu, mwina simunamvepo. Lero mumva.

Atangoyamba kumene ntchito, akali mtsikana wa jekete loyera mbee, anakhala mwezi wathunthu akukonza timachubu ta maselo a ubongo. Kachubu kalikonse anakalemba bwinobwino ndi inki. Kenako, pofuna ukhondo, anapopera sipiriti pa timachubu tonse. Inki yonse inasungunuka. Aprofesa a nthawi imeneyo, malemu aukali aja, ananyamula kachubu kamodzi. "Muli chiyani umu?" Mayi anayang'ana kachubu, nkuyang'ana ine. Ine ndinayang'ana kudenga. Mayi anati, "Sitikudziwa." Mwamva? Anandikokeramo ine wosalakwa!

Kuyambira tsiku limenelo, muno timalemba ndi pensulo. Ukabwera ndi bolopeni, amakulanda pakhomo pomwe.

Tsopano inu a kunyumba, ndikuuzeni chimene mayi anu akhala akuthamangitsa zaka zonsezi. Ubongo wathu ndi wopangidwa ndi maselo. Selo lililonse ndi lokutidwa ndi kakhungu kopyapyala. M'kakhungu kameneko muli kapuloteni kena kamene kamakhala mutu kunja, miyendo m'kati, ngati mlendo woima pakhomo, wosalowa, wosabwerera. Jini, malangizo a chibadwa a m'selo amene amapanga kapuloteniko, ikudziwika. Pamene kamakhala pakudziwika. Koma kakuchita chiyani pakhomopo? Tiyeni tonse pamodzi... Eya! Sitikudziwa.

Sikuti sanayesetse ayi. Anachotsa jini ija m'mbewa za m'labotale kuti tione chimene chiwonongeke. Tinakhala pansi kudikira kuti mbewa zidwale. Mbewa zinadya, zinanenepa, zinaswana mpaka makola anatichepera. Amene anaonda ndi mayiwa. Patapita zaka, anaona kuti mbewa zija zikakalamba zimasochera pang'ono popita pamene pali chakudya. Kunabwera mtolankhani, thukuta lili kamukamu. "Amayi, ndilembe kuti mwapeza mankhwala a matenda oiwala?" Mayi anati, "Lembani kuti mbewa zina zasochera." Munthu uja anamwa tiyi wathu nkumapita. Mpaka lero.

Bambo, inunso mwapirira. Munandiuza nokha kuti mukafunsa, "Mubwera nthawi yanji?" yankho limakhala lomwelo.

Koma pali nkhani imene yandisowetsa mtendere, ndipo ndiinena pomwe pano. Sabata yatha mayi anandipeza m'chipinda cha mafiriji. Anatsegula firiji yaikulu ija, nkuloza shelefu ya pansi, pamene pali mabokosi awo onse, thukuta la moyo wawo wonse. Anati, "Achimwene, ndikachoka mukhuthule zonsezi. Anzathu akusowa malo. Ine ndalephera. Palibe chimene ndikusiya." Anatseka chitseko, nkutuluka osandiyang'ana.

Mayi, zaka zonsezi sindinakukanirenipo kanthu. Mukati bwerani Loweruka, ndimabwera. Mukati magetsi azima, thamangani, ndimathamanga. Koma ichi chokha ndakana.

Mukuti palibe chimene mukusiya? Tayang'anani mpando wa kutsogolowu. Madokotala awa anafika pano aliyense akudziwa zonse. Inu munawachiritsa. Munawaphunzitsa kuti munthu asanene chimene sanaone, ngakhale amuikire kamera pamphuno. Ndipo njira zonse zimene munayenda nkupeza kuti sizifika kulikonse, munaziika chizindikiro. Wobwera pambuyo panu sadzataya nthawi kuziyendanso. Ine sindine wophunzira, koma ndikudziwa kuti imeneyonso ndi ntchito. Zikomo, mayi. Zikomo chifukwa chotilemekeza tonse mofanana, kuyambira aprofesa mpaka ife a makiyi.

Ndiye ndinapita kwa a bwana mkulu. Ndinapitanso kwa adokotala atali awo, amene munawaphunzitsa kugwira mbewa osalumidwa. A bwana avomera, shelefu ya pansi ikhala mmene ilili. Adokotala avomera, akuyamba Lolemba, ndi mabokosi anu omwewo. Ndatsegula limodzilimodzi. Pensulo yanu sinafufutike, chilembo chilichonse chikuwerengeka. Adokotala, taimirirani akuoneni. Mwalonjeza pamaso pa zidzukulu, kulibenso kothawira.

Mayi, musalire, mwayambitsa ndinu.

Pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likuwotcheni. Bambo, Lolemba m'mawa mubise nsapato zawo. Kiyi wa firiji musade naye nkhawa, ndamuchotsa kale m'thumba la jekete lawo. Koma mayi, foni musamazimitse. Tsiku lina ikhoza kulira, adokotala nkukuuzani chimene mlendo uja akuchita pakhomo. Tsiku lake ndi liti? Zidzukulu, yankhani inu... Mwakhoza!

Koma shelefu ija ikhala ikudikira, ndipo woiyang'anira ndine.

Tiyeni tonse tiimirire. Tiwaombere m'manja Mayi Sitikudziwa, mwamphamvu, mpaka mbewa zidzuke!