Chikwangwani cha pa Munda wa Atate

Omvera anzanga, ndine mtsikana wa pasukulu, kwathu ndi kufupi ndi Fort Jameson. Nkhaniyi ndaikopera m'kabuku komwe ndimalembamo za tsiku ndi tsiku.

Ndili khanda, mudzi wathu anausamutsira kumiyala kuti mzungu alime fodya m'minda yathu. Fodya atagwa mtengo, mzunguyo anachoka, mindayo n'kumera tchire. Patchuthi chapitachi atate ananditengera kumpanda wa waya wa famu ya mzungu uja kuti ndiwawerengere chikwangwani. Chinati malowo akugulitsa. Anthu ankanena kuti mtengo wake watsikiratu.

"Ng'ombe zanga zinayi zingalephere?" anatero atate akuseka. "Mwanawe, sukulu yakoyo igwire ntchito tsopano."

M'mawa mwake tinapita kuboma, atate atavala jekete lawo la kutchalitchi. Ndinalankhula Chingerezi changa chonse. Bwana wa mu ofesimo anayamikira kalankhulidwe kanga, kenaka anati malo amenewo sagulitsa kwa munthu wakuda, ngakhale mtengo utsike chotani.

"Akuti chiyani, mama?" anandifunsa atate. "Zachepa? Uwauze kuti ndiwonjezera mbuzi."

Ndinalakalaka ndikanakhala wosamva Chingerezi. Koma womasulira ndinali ine, ndiye ndinawauza atate zomwe bwanayo ananena. Atate anangoti, "Zikomo, bwana," n'kutuluka chipewa chili m'manja.

Pobwerera tinadutsanso pawaya paja. Mango omwe atate anabzala okha ali mnyamata anali mbwee pansi, akuola.

Ndikulimbikirabe sukulu, omvera, mwina tsiku lina lamuloli lidzasintha. Koma chichokereni kuboma kuja, atate sanandipemphenso kuti ndiwawerengere kanthu.