Makina Okana Kumudzi

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Yesu. Ine ndine Lastoni Kamtedza. Kwathu ndi ku Kasakula, ku Ntchisi uko, koma kuno ku Mtengowanthenga ndinadzakwatira. Ndine mkamwini wanu. Mundipirire ndikamayendayenda kutsogolo kuno. Sinditha kuima malo amodzi, ndinabadwa choncho.

Kale ndinkagwira ntchito ku Lilongwe, yokonza makina otayipira m'maofesi. Matipate atabwera, zinthu zinayamba kusintha. Maofesi anataya makina aja nkugula makompyuta. Tsiku lina mabwana anangondiitana. "A Kamtedza, zikomo, mwatithandiza." Basi! Ntchito yatha. Ndinatenga akazi anga, a NaChisale, ndi ana, nkubwerera kumudzi kwawo kuno.

Abale, ukamwini wopanda ntchito ndi wowawa. Munda si wako. Nkhokwe si yako. Ngakhale kutsokomola umayamba wayang'ana uku ndi uku. Fodya ndinkalima, inde, koma mtima sunali m'munda. Manja ali pakhasu, maso ali kumsewu, kuyang'ana mabasi opita ku Lilongwe.

Tsiku lina ndinakumana ndi mnzanga wa ku ntchito yakale. Anandiuza kuti, "Makompyuta aja paokha sayankhulana. Pakufunika anthu owalumikiza ndi mawaya, kuti ya m'chipinda ichi izitumiza uthenga ku ya m'chipinda icho. Amati netiweki. Kuli mayeso ake, ukakhoza amakupatsa satifiketi. Koma buku lokha silikwana. Uyenera kukhala ndi makina akoako, uziwagwira ndi manja."

Kuyambira tsiku limenelo mtima sunakhalenso m'malo. Kudya, makina. Kulima, makina. Ngakhale m'tchalitchi muno, abusa akulalikira, ine ndili ku makina.

Atsopano mtengo wake sindingautchule m'nyumba ya Mulungu. Koma ku Lilongwe kunali mkulu wina wogulitsa katundu wakale wa m'maofesi. Makina a kaunjika! Timabokosi tiwiri tachitsulo totchedwa rauta, kena ka mabowo ambiri olowetsamo mawaya kotchedwa swichi, ndi kompyuta yokalamba. Ndalama yoti ndigulire inalipo imodzi yokha, ya fodya wa chaka chimenecho, imene tinasungira feteleza. Ndinawapempha a NaChisale. Iwo anati, "Bambo a Chisomo, tengani. Koma amalume akafunsa, muyankhe ndinu."

Amalume awo, a Chimbalanga, eni mbumba, amene anawalera kuyambira ali mwana, anafunsadi. "Akamwini, ana adzadya mawaya?" Ine ndinaseka. Iwo sanaseke.

Kumudzi kunalibe magetsi, ndiye ndinapempha kachipinda kuseri kwa malo ometera tsitsi pamsika. Kachipinda ka malata, kopanda windo, m'nyengo ya dzuwa lija loswa mtengo. Fumbi la mumsewu, tsitsi la anthu, zonse zinkalowa. A NaChisale ataona anagwira pakamwa. "Chuma chonsechi chizikhala pafumbi?" M'mawa mwake anabwera ndi nsalu zawo zoluka, zija amayi mumavindikira wailesi, zimene anapatsidwa pa ukwati wathu. Ine ndinawonjezera pulasitiki mkati mwake kuti fumbi lisapeze polowera. Tinakulunga m'mbali, pamwamba, kumbuyo komwe, nkusiya kutsogolo kokha kuti ndiziona timagetsi. Zinakongola, abale! Zinakongola ngati tebulo la mgonero.

Ndinayatsa. Timagetsi tobiriwira tinayamba kuthwanima. Ndinatsegula buku, nkuyamba kutayipa zimene linkanena. Ndisanapite patali, zii! Makina aima. Ndinazimitsa, ndinadikira, ndinayatsanso. Anayenda pang'ono, zii! Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi.

Ndinawavula nsalu, ndinawaika m'katoni, ulendo ku Lilongwe. Ndinalowa kwa wogulitsa uja ndikuyaka moto. "Mwandigulitsa mitembo!" Iye sanakangane nane. Anawaika patebulo, nkuyatsa. Anayenda. Tinakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, akuyendabe. Mkulu uja anati, "Achimwene, katundu wanga alibe vuto. Vuto lili kwanu komweko."

Ndinabwerera. Ndinakulunga bwinobwino. Ndinayatsa. Zii! Ndinapitanso ku Lilongwe, akuyenda. Ndinabweranso kuno, akukana. M'tauni akuyenda, kumudzi akukana!

Inu ndinu anthu a kuno. Mukudziwa zimene munthu amayamba kuganiza zikafika pamenepo. Wometa tsitsi uja anandinong'oneza kuti, "Bwana, izi si zachabe. Alipo akukupondani." Ndipo ine, munthu wonyamula Baibulo Lamulungu lililonse, ndinayamba kuwayang'ana a Chimbalanga ndi diso lina. Akandipatsa moni, ndinkamva chipongwe. Akandifunsa za makina, ndinkati akufuna kumva ngati mankhwala awo akugwira.

Mvula inagwa. Chimanga chinamera chachikasu, chopanda feteleza. Minda ya anzathu ili biriwiri, wathu ukuchititsa manyazi m'mbali mwa njira. Tsiku lina pakhomo, a Chimbalanga anafunsanso za mawaya aja. Mawu anandipulumuka pamaso pa akazi anga. Ndinati, "Makinawa ndi abwino. Koma pamudzi pano alipo wina amene sakufuna kuti ndiphunzire, ndipo akudzidziwa."

A Chimbalanga anaimirira pang'onopang'ono. "Akamwini, njira ya ku Kasakula mukuidziwa. Munabwera kudzakwatira, osati kudzatitchula ufiti."

Ndinachoka pamudzi, nkukakhala m'kachipinda kaja. M'mawa mwake a NaChisale anafika. Moni sanapereke. Anayamba kuchotsa nsalu zawo imodziimodzi, kuzikutumula, kuzipinda. Pulasitiki anaikokera pansi. Kenako anati, "Feteleza ndinakupatsani. Manyazi ndasenza. Koma kunyoza amalume amene anandilera, ayi. Nsalu zanga ndatenga. Zotsalazo muona nokha." Anatuluka osacheuka.

Abale ndi alongo, ndinalira. Bambo wamkulu ndi ndevu zanga, ndinalira. Ukwati ukupita. Ana akupita. Ndatsala ndi zitsulo zosavala. Ndinati basi, ndikazigulitsa kwa osula mbaula, ndipeze ya basi ya ku Ntchisi. Koma dzanja linangopita lokha, ndinayatsa komaliza. Kenako ndinagwada. Ndinati, "Ambuye, satifiketi sindikuifunanso. Ntchito sindikuifunanso. Ndibwezereni banja langa lokha."

Ndinapemphera nthawi yaitali, pemphero losokonekera, lopanda mutu. Nditatsegula maso, timagetsi tikuthwanima. Ndinati tizima pompano. Ndinadikira. Tikuthwanima. Ndinatuluka, ndinazungulira msika wonse, ndinabwerera. Tikuthwanimabe! Ndinapisa dzanja kumbuyo kwa bokosi limodzi, ndipo ndinamva mpweya wotentha ukutuluka pa timabowo. Kumbuyoko kuli kafani kotulutsa kutentha. Ife tinali titatseka pomwepo ndi pulasitiki ndi nsalu. Makina ankabanika, abale! Ankabanika! Kwa wogulitsa uja ankayenda chifukwa ndinkapita nawo osavala. Ndipo m'buku langa zinalembedwamo, koyambirira kwenikweni, m'masamba amene ndinawalumpha chifukwa cha phuma.

Mulungu ali ndi njira zake. Sanatume mngelo. Sanatume katswiri wa ku Lilongwe. Anatuma mkwiyo wa akazi anga.

Ndinathamanga kumudzi. Sindinayambe kunyumba, ndinayamba kwa a Chimbalanga. Ndinawapeza akupalira. Ndinagwada mumzere momwemo, m'matope. Ndinawafotokozera zonse, za kafani, za pulasitiki. Ndinati, "Ndinakunamizirani, bambo. Ndikhululukireni." Anapitiriza kupalira mpaka kumapeto kwa mzere. Atabwerera anati, "Kwa ine mwapepesa, ndamva. Koma nyumba ndi ya mwana wanga. Akakana, ine sindimukakamiza."

A NaChisale anandimvera ali chilili pakhomo. Anangoti, "Mawu anu ndamva ambiri. Ndikaone ndekha."

Anabwera m'mawa. Anakhala pa kreti, manja atapinda, maso pa timagetsi. Ine kuyenda, kutuluka, kulowa, thukuta kamukamu. Mumtima ndikungoti, Ambuye, magetsi asazime lero, lero lokha! Masana anakwana. Ndinawagulira mandasi, sanawakhudze. Ndinalumikiza rauta ina ku inzake, uthenga unadutsa kwa nthawi yoyamba, ndinakuwa, iwo osagwedezeka. Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, anaimirira, anakonza chitenje, nkunena kuti, "Zimitsani, tizipita. Ana akufunsa." Ndinazimitsa, ndipo tinapita limodzi.

Sindikunamizani kuti zonse zinakhala bwino pompo. Chaka chimenecho tinagwira ganyu kuti tidye. Mayeso oyamba ndinalephera. Ndinabwerera m'kachipinda kaja, makina ali osavala, ine ndikupukuta fumbi ndi nthenga ya nkhuku m'mawa uliwonse. Kachiwiri ndinakhoza. Ambuye alemekezeke!

Lero ndimagwira ntchito ku Lilongwe, kulumikiza makompyuta m'maofesi. Musaganize kuti ndine bwana. Masiku ambiri ndimakwawa kudenga ndi makoswe, kukoka mawaya. Koma feteleza timagula, ana ali pasukulu, ndipo Loweruka lililonse ndimatsika basi pano. A Chimbalanga anatisiya, koma tinasiyana bwino. Pa matenda awo ndine ndinkawasambitsa.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha ntchito. Ndikuthokoza chifukwa cha satifiketi. Koma tsiku lija ndili chogwada, zimenezo sindinapemphe. Ndinapempha chinthu chimodzi, ndipo chili muno. Mayi a Chisomo, taimirirani abale akuoneni.

Akukana. Akuti ndikuwachititsa manyazi. Chabwino, asiyeni akhale. Ndi awo ali kumbali ya amayiwo, abisa nkhope m'chitenje. Sanachoke, abale. Sanachoke.

Ameni.