Tebulo Losalala la Anasimbi

Malemu mayi athu, amene tonse m'dera lino tinkawatcha Anasimbi, anabadwa pa 14 Malichi, 1958, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo, wotsiriza m'mimba imeneyo. Mbiri ndikuwerengayi sindinaipeke ndekha ayi. Anandiuza eni ake ali pabedi la kuchipatala, ine ndikulemba, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisadumphe mzere ngakhale umodzi. Choncho pamene pakupwetekeni mundikhululukire, ine ndangotumidwa.

Anayamba sukulu mu 1965 ndipo anafika Sitandade 6. Bambo athu atamwalira mu 1972, malemu anasiya sukulu kuti ife ang'onoang'ono tiphunzire. Chingerezi chimene mumandimva ndikuthyola pamisonkhano ya mpingo chija chinachokera m'manja mwa munthu wagona apayu.

Mu 1975 analembedwa ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba ya dokotala wina. Mwezi wachiwiri usanathe, mpoto wachitsulo unawapulumuka n'kugwera pa tebulo lodyera la abwana, ndipo unasiya kadzenje kolowa chala chachikulu. Malemu anaona kuti ntchito yathera pomwepo. Mwamwayi, tsiku limenelo panali kalipentala wina wachikulire amene ankakonza chitseko cha kukhitchini. Atawapeza akulira, anawauza kuti apukute misozi, akatenge simbi yawo yositira. Mkuluyo anadontheza madzi m'kadzenje muja n'kudikira kuti thabwa limwe. Kenako anapinda kansalu konyowa pawiri, n'kukayala pamwamba, n'kukhazikapo nsonga ya simbi yotentha. Kansalu kanalira kuti tsiii, nthunzi n'kuti fuu. Anachotsa, anayang'ana, ananyowetsanso. Pofika kachinayi, thabwa linali litadzuka lokha ngati sipanagwe kanthu. Abwana anadyera pa tebulo lomwelo tsiku limenelo osadziwa chilichonse.

Kalipentala uja anawasiyira mawu. Anati thabwa likangopsinjika limadzuka, chifukwa ulusi wake udakali wamoyo, koma ulusiwo ukaduka, ngakhale udzaze nyumba yonse ndi nthunzi, silidzukanso. Theka loyamba la mawu amenewa malemu analigwiritsa ntchito moyo wawo wonse. Theka lachiwiri analikumbukira mochedwa.

Dzina la Anasimbi linabadwira pamenepo. Ambiri a inu munawapititsirapo timipando, zitseko za makabati, mabedi a ana, ngakhale benchi ya kutchalitchi imene anyamata a kwaya anagwetsera sipika. Thabwa likakhala la vanishi ankaliboola ndi singano timabowo tosaoneka kuti madzi alowe. Likauma ankalipalasa pang'ono ndi sanipepa wosalala, n'kupaka polishi. Munthu wobwera ndi kansalu ka nayiloni ankabwerera atamva zokwanira sabata yonse. Alendo ena akalowa m'nyumba mwanu amayang'ana zithunzi zapakhoma, koma achemwali angawa moni asanamalize chikhatho chinali chikuyenda kale pa tebulo lanu, ndipo mukaona nkhope yakwinyika mudziwe kuti mawa abwera ndi simbi.

Pa 8 Seputembala, 1979, malemu anakwatiwa ndi alamu anga, amene anali makaniko wa mabasi, ndipo alamuwo anatisiya mu 2006. Mulungu anawapatsa ana atatu: amuna awiri, mu 1981 ndi mu 1984, ndi wamkazi mmodzi mu 1990, amene mpaka lero timangomutcha Mzime. M'nyumba mwawo munali tebulo lalikulu la anthu asanu ndi atatu, ndipo tebulo limenelo linali nyimbo ya pabanja pathu. Woyambitsa nyimboyo ndinali ine. Ndinkabwera ndi mayi a kunyumba kwanga n'kumawalozera tebulolo kuti aone mmene anzawo amasamalira nyumba, zaka zonsezi, ana atatu, koma tebulo lopanda ngakhale kachipsera.

Tsopano ndafika pa mzere umene ndinawapempha kuti ndiudumphe, iwo n'kukana. Tebulo lija silinkasalala chifukwa cha mtendere ayi. Alamu anga akapsa mtima, chilichonse chimene chinali m'manja mwawo chinkauluka, kaya ndi sipanala, kaya kapu, kaya chitsulo cha lamba. Chikawaphonya malemu chinkatera pa tebulo, pachitseko kapena pa kabati. M'mawa ana asanadzuke, malemu ankakoleza makala m'simbi, n'kunyowetsa kansalu, n'kufafaniza zonse. Anawo anakula akuganiza kuti fungo la thabwa lonyowa lotenthedwa ndilo fungo la m'mawa m'nyumba iliyonse. Zimene sizinkaphonya munaziona nonse koma simunadziwe. Khutu lakumanzere lija, limene tinkawaseka nalo kuti Anasimbi amamva zokhazo zimene akufuna, linatsekedwa ndi sipanala mu 1987. Chaka chimenecho anabwera kwa ine mlongo wawo ndi kachikwama m'manja. Ine ndinawauza kuti banja ndi kupirira, ndinawamwetsa tiyi, n'kuwaperekeza kokwerera basi. Sanabwerenso kudzadandaula, ndipo ine, chitsiru, ndinkati uphungu wanga wagwira ntchito.

Mu 1999, Mzime ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anadzuka molawirira tsiku lina n'kupeza mayi ake ataweramira tebulo. Malemu anangomuitana kuti adzagwire kansalu. Mwanayo anaphunzira msanga, ndipo malemu ankanyadira kwa aliyense kuti mwana wawo watengera dzanja. Mu 2015 Mzime anakwatiwa ndi bambo waulemu wa ntchito ya mu ofesi, wopereka moni ndi manja awiri. Akamwini athuwo ali pakati pathu pano, ndipo galimoto lawo loyera laima pageti apo.

Mu Febuluwale 2023, malemu anapita kukaona zidzukulu m'mawa wina osauza munthu. Asanagogode n'komwe, fungo lija linawalandira pakhomo. Atalowa anapeza tebulo likuwala, ndipo pampando panali patayanikidwa kansalu kokhala ndi chidindo chofiirira cha nsonga ya simbi. Anayendetsa chikhatho pa tebulopo. Maso a munthu wina sakanaona kanthu, koma thabwa lodzutsidwa ndi nthunzi limakhala ndi kukhakhala kwake, ndipo dzanja limene linayamba ntchitoyi silinganamizidwe. Anapeza malo khumi ndi amodzi. Mzime anali atavala juzi ya mikono yaitali kunja kukutentha, ndipo ankathira tiyi ndi dzanja lamanzere. Atamufunsa, anaseka n'kunena kuti ana ndi ovuta, amangogwetsa zinthu. Malemu anandiuza kuti mawu amenewo anali awo omwe, ndipo mwanayo anawamva kwa iwo.

Kuyambira tsiku limenelo mayiwa sanakhalenso pansi. Anapita kwa makolo a akamwini, amene anawafunsa kuti m'nyumbamo chathyoka n'chiyani. Anapita kwa akuluakulu a mpingo, ndipo iwo anakayendera banjalo, anamwa tiyi pa tebulo lomwelo, n'kubwerako akuyamikira ukhondo. Anatuma ana awo aamuna, nawonso anafufuza zitseko ndi makabati osapeza kanthu. Anapita ku ofesi yoona za nkhanza, kumene anawauza kuti mwini nkhani abwere yekha. Kulikonse anthu ankafuna choti aone ndi maso, pamene umboni wonse mwana anali atausita ndi luso la mayi ake. Tsiku lina malemu, munthu amene sanatolepo ngakhale singano ya mwini, anaba simbi ya mwana wawo n'kuibisa m'chikwama. Sabata isanathe Mzime anali atagula ina. Inu amene munabwera ndi timipando tanu m'miyezi imeneyo n'kubwezedwa pakhomo, sikunali kunyada. Sankafunanso ngakhale kuiona simbi.

Mu Ogasiti chaka chomwecho anayamba kudandaula m'mimba, ndipo madokotala anapeza chotupa. Anachitidwa opaleshoni mu Novembala, koma matenda anali atayala kale. Imfa sankaiopa, chimene chinkawadya chinali kuchepa kwa masiku. Tsiku limene Mzime akubwera kudzawaona ankakana mankhwala opha ululu, chifukwa ankawagonetsa, ndipo ankaluma nsalu kuti akhale maso. Anamva kuti mdzukulu wawo wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, wadziwa kale kupinda kansalu pawiri, ndipo analira tsiku lonse osalawa kanthu. Ulendo wina anamugwira Mzime pamkono, iye n'kukuwa ndi ululu. Ine ndinalipo. Malemu anati, "Mwana wanga, thabwa ndimalidzutsa, nanga iwe ukaduka ndidzakudzutsa ndi chiyani?" Mzime anangowakonzera bulangete.

Pa 2 Epulo, 2024, anandiitanitsa ndi pepala ndi cholembera. Ndinawachonderera kuti zoterezi sizinenedwa pamaliro, anthu adzatiseka, tidzanyozetsa akufa. Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili mwana ndikanama. Anati, "Achimwene, munandibweza kamodzi, musandibwezenso. Simbi zadzaza m'masitolo, sindingabe zonse. Koma mawu onenedwa pagulu palibe angawasite." Anatisiya pa 9 Epulo, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 66, maso ali kukhomo.

Ndiye ndanena, abale anga, ndipo mwamva nonse. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, ndipo ife tauyang'anira mibadwo iwiri. Akamwini, sitikukuthamangitsani pamaliro pano, ndipo nkhata ya maluwa mwabweretsa taiona. Koma dziwani kuti kuyambira lero makutu onse ali panowa ali pakhomo panu. Mzime mwana wanga, ine malume ako ndinalakwira mayi ako, ndipo ndilibe nkhope yokulamulira nayo. Ndikungokupempha, ndipo pakanakhala posachititsa manyazi ndikanagwada. Chipinda cha mayi ako chasesedwa, mabedi a ana ako ayalidwa, kiyi ali m'thumba langa lino. Tikabwerako kumanda galimoto lija lidzalira pageti, ndipo palibe angakukweze kapena kukutsitsa. Sindikufunsa yankho pamaso pa anthu.

Malemu asiya ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono wawo mmodzi ndi ine mlongo wawo. A banja tikuthokoza anamwino amene anapirira nawo pamene ankakana mankhwala, amayi a mpingo amene anasinthana kuwadikirira, achinansi amene mwatibwereka mipando ndi matenti, ndiponso akalipentala amene mwapanga bokosi lokongolali m'masiku awiri okha.

Za bokosili ndili ndi mawu amodzi amene mulibe m'pepala la malemu. Mukamadutsa kuona nkhope, muona kadzenje pa chivundikiro, chakumutu. Akalipentala musawanene, si iwo. Lero m'mawa polowetsa bokosi m'nyumba, onyamula analigunditsa pa felemu ya chitseko. Tonse tisanaganize n'komwe, Mzime anali atathamangira kale kuchipinda. Anabwera ndi simbi yamagetsi ya mayi ake, anailumikiza kumagetsi, anadontheza madzi m'kadzenjemo, anapinda kansalu pawiri. Simbi inatentha. Anaima nayo pamwamba pa bokosi la mayi ake nthawi yaitali, dzanja lili m'mwamba. Kenako anachotsa kansalu kaja, anazula chingwe kukhoma, n'kundipatsa simbiyo idakali yotentha.

Sindikudziwa tanthauzo lake, ndipo sindinamufunse. Mwina dzanja linangotopa. Koma ine ndagwira pomwepo ndi manja awiri, chifukwa ndilibe pena pogwira.

Achemwali, ndawerenga zonse, sindinadumphe mzere. Mukupita ndi chipsera choyamba chimene m'nyumba mwanu chaloledwa kuoneka. Pumulani, Anasimbi, ndipo Mulungu ausitse mzimu wanu mumtendere umene pansi pano tinakumanani.