Nkhope ya Kazembe pa Mandasi

A Ezara adagwirapo ntchito ya ukazembe kunja zaka zisanu ndi chimodzi, koma atapuma n'kuyamba kulima mbatatesi, ngakhale atolankhani adasiya kuwaimbira foni. Tsiku lina pa Chimbiya adaima kuti agule mandasi kwa mayi wina dzina lake Asiyatu, ndipo adaona nkhope yawo panyuzipepala yakale yomwe mayiyo ankakulungira malonda.

"Imani, mayi! Musang'ambe pepalalo!"

"Ndi loyera, bambo. Mbewa sizidafikepo."

"Taonani chithunzicho. Mukumudziwa ameneyo?"

Asiyatu adachiyang'ana. "Eya. Dzulo ndidakulungira mnzake wa kumanzere. Amamwa mafuta bwino."

"Ameneyo ndine!"

"Iii, bambo, uyutu ali ndi tsitsi."

A Ezara adagwira dazi lawo. Lidali likutentha ndi dzuwa.

"Ndi kale limenelo. Ndine kazembe."

"A Kazembe? A ku Mayani aja okonza njinga ndi abale anu?"

"Si dzina ayi, ndi udindo! Ndinkaimira dziko lino kunja, zaka sikisi."

"Kunja? Zaka zonsezo osakulowetsani m'nyumba?"

"Kunja kwa dziko, mayi! Ndinkalankhula m'malo mwa Pulezidenti."

"Kalanga ine! Iwowo adasasa mawu?"

A Ezara adapuma mozama. Iwo amene adakambiranapo ndi nduna za mayiko, lero akugonja kwa munthu wonyamula foloko ya mandasi. Komabe sadafune kubwerera m'mbuyo.

"Masiku amenewo mukatsegula wailesi, ine. Pa kanema, ine. Anthu ankandimvera mpaka ku Nsanje."

"Nanga lero bwanji?"

"Lero akundimvera ndi mbuzi zanga, nazonso zikafuna."

"Zilipo zingati?"

"Zisiyeni mbuzi! Ndipatseni pepalalo ndikaliike m'felemu, adzukulu adziwe kuti agogo awo sadabadire m'munda."

"Mandasi ndiike m'manja?"

"Ikani m'chipewa ngati mukufuna. Koma poyamba tandiwerengerani zomwe adalemba pansipo, mandala ndaiwala kunyumba. Mokweza, awa amve."

Ogulitsa kabichi ndi anyezi adali atayamba kusendera. A Ezara adakoka jekete, nakweza chibwano.

Asiyatu adapukuta zala pachitenje, nabweretsa pepala pafupi ndi maso.

"Koma bambo, apa mwatsinzinatu."

"Ndinkalingalira. Nkhani zake zinali zakuya."

"Kukamwa yasa?"

"Ndinkafuna kulankhula. Werengani!"

"Akuti, 'Kazembe wathu aliza mkonono pa msonkhano waukulu wa mayiko, anzake achita kumugwedeza.'"

A Ezara adalikumbuka tsikulo. Adakumbuka nkhomaliro yake, ndi mpando wofewa uja. Chibwano chidatsika chokha.

Asiyatu adayang'ana pepala, nayang'ana iwo, n'kuwomba m'manja.

"Ogo! Tsopano ndakuzindikirani! Malemu bambo anga adaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, akumva pa wailesi. Ndinu ndithu! Amayi a kabichi, tabwerani mudzaone a Kazembe ogona aja!"

"Mayi, tsitsani mawu."

"Mwati mokweza. Pepala lanu nali, ndipo pamuluwu mwina alipo ena. Tifufuze a adzukulu onse?"

A Ezara adalikankhira pepala kwa mwini wake ndi chala chimodzi.

"Anthu amafanana, mayi. Ine ndine mlimi wa mbatatesi. Kulungani mandasiwo, ndipo lamafuta kwambirilo muliike pankhope penipeni."