Zopulumuka za m'matope

Pamzere wa ofuna ntchito yotsuka mabotolo, mtsikana adaona kuti mayi wakumbuyo kwake akusuzumira mu envulopu yake.

"Digiri? Ya chiyani, mwanangu?"

"Ya nyanja zakalekale, mayi. Anthu asanakhaleko, madzi adatentha n'kuwawasa, mpweya udatha. Pa mitundu khumi iliyonse ya zamoyo, isanu ndi inayi idatheratu."

"Zaka zinayi kuphunzira maliro a nsomba! Nanga zidatsala n'ziti?"

"Tinkhono ta m'matope, tozolowera kupuma pang'ono."

"Ndiye bisa pepalalo. Kapitawo uja akaona digiri amabweza, akuti ophunzira sachedwa kudandaula. Kuno amalemba ife a m'matope."

Mtsikanayo adalipinda kanayi, n'kulilowetsa mu nsapato.