Mawu Ogwidwa M'damu la ku Edgbaston

Ine, Esnath Chagwa, wa zaka 44, wa m'mudzi mwa Kampanje ku Ntcheu, wokhala ku Selly Oak, ndine namwino. Umboni uwu, umene ndikupereka kuno kupolisi, ndi wokhudza amuna anga, a Everton, omwe amasamalira okalamba. Ndikudziwa kuti akapezeka olakwa ntchito iwathera, mwinanso viza yomwe.

Lachiwiri masana Temwani, mtsikana wa kutchalitchi kwathu amene amaphunzira kuyunivesite, anandiitana ku labu yawo. Iye ndi anzake anatchera m'damu la ku Edgbaston tizipangizo tomva phokoso pansi pa madzi, tomangidwa pachingwe ngati mikanda. Phokoso likadutsa mbali zonse, kompyuta imajambula chilichonse choyenda m'madzimo. Akuti n'zolondera madoko.

Anandionetsa chithunzi cha Loweruka m'mawa. Panali bwato ndi ukonde utakola chingwe chawo, chonsecho kupha nsomba ndi ukonde m'damumo n'koletsedwa. Kachipangizo kamodzi kanakokedwera m'bwato, kanajambula mawu a anthu chingwe chisanadulidwe. Temwani anakulira kuno kwa azungu, Chichewa amangomva patalipatali. Anati, "Anti, tithandizeni ku-translate, amenewa ndi akwathu."

Ndinakhala pansi pamaso pa aphunzitsi ake awiri, ndili ndi yunifolomu. Ndisanamvere n'komwe ndinayamba ndine kunyoza, kuti anthu ena anabwera kuno kudzatichititsa manyazi.

Anatsegula mawu aja. Munthu woyamba sindikumudziwa. Wachiwiri anatsokomola, ndipo chifuwa chimenecho ndagona nacho nyumba imodzi kuyambira kumudzi. Anati, "Dula msanga, ndi kamera ya azungu iyi." Kenako anati, "Mayi a Michelle asamve. Ndawauza kuti ndili pa shift."

Michelle ndi mwana wathu. Temwani amamuphunzitsa Sande sukulu. Anawerama osandiyang'ana.

Aphunzitsi aja anafunsa kuti akuti chiyani. Manyazi anandigwira moti ndinalakalaka pansi patang'ambika. Mawu oyambawo ndinamasulira. Achiwiriwo ndinati sakumveka bwino.

Kunyumba kachipangizoko ndinakapeza mufiriza, pansi pa nsomba zimene a Everton anandiuza kuti anagula kumsika wa Bilston. A Everton anangoti, "Ndiye ukandinenere wekha, mkazi wanga?" 

Kachipangizoko ndi aka ndapereka. Mawu aja ankamveka bwinobwino, lembani choncho. Eni ake mawuwo, a Everton, ali pabenchi panjapa, ndabwera nawo pa basi.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Wosaina: Esnath Chagwa ____________