Nsapato Zodikirira Telala

Pasiteji ya basi, mayi wina anali atakumbatira nsapato zachimuna ngati khanda. Bambo woyandikana naye analephera kupirira.

"Mukugulitsa, mayi?"

"Ayi, n'za mwana wanga, telala. Ulendo woyamba anamubweza kuchokera kunja ngati mbava, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Lero asatsike choncho."

"Zinasintha, maboma anagwirizana. Mlamu wanga anamupatsa nthawi yolongedza, anamuperekeza mpaka pamalire, kunonso anamulandira ngati munthu."

"Izo n'zapawailesi, bambo."

Basi inaima. Telala uja anatsika atavala nsapato zonyezimira, atasenza makina ake osokera.

"Ndi uyo. Mwamuona mwana wanga?"

"Ndamuona. Nanga nsapatozo?"

Mayiyo anayang'ana kumapazi kwa bamboyo, n'kuseka.

"Tayesani, bambo. Zanuzo zinatha kale."